Dzinja Limene Ndinalawa Vinyo wa a Zuze

"Iwe Enelesi, munthu uyo usamamuyandikire. Anzake pothawa nkhondo anasenza mphasa ndi mapoto, iye anasenza timitengo. Munthu wabwinobwino angathawe ndi timitengo?" Awa anali mawu a azakhali anga a Lute, mlongo wawo wa atate, tsiku lina titaima pampanda wa kuseri kwa tchalitchi, madengu a bowa ali kumutu. Mvula inali itangokata, nthaka ikufuka nthunzi. Kuchokera mkati mwa mpandawo kunkabwera fungo limene ndinali ndisanalimvepo, lotsekemera ngati la nthochi yoiwalika mumtsuko, koma lokhala ndi kaukali kolasa m'mphuno. Mpaka lero chipatso chikapsa mopitirira m'nyumba mwanga muno, ndimayamba ndamva mawu a azakhali, kenako n'kupita kukachitaya.

Munthu ankanenedwayo anali a Zuze. Anachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, limodzi ndi gulu la anthu amene anafika m'mudzi mwathu, kufupi ndi Zemba, zaka zingapo lisanafike dzinja ndikunenali. Ena anapeza abale, ena anabwerera kwawo, koma iwo anatsala. Anali amuna owonda, a imvi za m'mbali, ndipo ankavula chipewa polonjera ngakhale mwana, chinthu chimene palibe anachikonda. Chichewa chawo chinali chathu chomwechi, kungoti mawu ena ankawapinda. Analibe mkazi, analibe mwana, ankadziphikira okha n'kudzitungira okha madzi, ndipo m'khosi ankavala kamtanda ka Akatolika pakati pa ife amene makolo athu analowa mpingo wa amishoni oyamba aja. Ankanena kuti anakulira m'munda wa ansembe, akusamala mipesa kuyambira ali mnyamata, ndipo timitengo tija tinali nthambi za mipesa imeneyo, zimene anazikulunga m'chiguduli chonyowa njira yonse. Azakhali ankati aliyense angathe kunena kuti anakulira kwa ansembe, popeza palibe angapite kukafunsa.

Atate, a Banda, anali mkulu wa mpingo, ndipo ndiwo anawapatsa kamalo ka kuseri kwa tchalitchi. Pamalopo panali kale mpesa umodzi, umene anausiya mphunzitsi wina wa nthawi ya amishoni. Unkangoyanga pamtengo wa mthethe n'kumabala masamba okhaokha. A Zuze anaudula mpaka kutsala chitsa, amayi a mumpingo n'kudandaula kuti mlendo wapha mtengo wa m'Baibulo. Utaphuka mwamphamvu, anthu omwewo anati chinthu chodulidwa chotero sichingadzuke chokha popanda kanthu kena. Pofika dzinja limenelo chisanja cha nsungwi chinali chitalemedwa, ndipo mphesa zinalipo za mitundu itatu. Za mpesa wakale uja zinali zobiriwira ngakhale zitapsa, zing'onozing'ono, zowawasa mpaka m'makutu, ndipo a Zuze ankazitcha za aphunzitsi. Zina zinali zofiirira, zikuluzikulu, za khungu lopyapyala long'ambika mvula ikachuluka. Zimenezo ankati n'zongodya, vinyo wake ndi madzi chabe. Koma zapamtima pawo zinali zakuda bii, za khungu lokhuthala, zimene ukazifinya zamkati zinkatumphuka zathunthu ngati diso la nsomba. Ankazitcha Izabela. Azakhali anati limenelo ndithu ndi dzina la mkazi amene anamusiya kwawo, ndipo chofunika kufunsa n'chakuti anamusiya wamoyo kapena ayi.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene m'masitolo a ku Chadiza munkangokhala mashelefu ndi wogulitsa. Mchere, sopo, shuga, zonse zinali za pamzere. Vinyo wa Mgonero, amene kale abusa ankabwera naye m'kabotolo kokulunga m'thaulo, anasoweratu. Nyengo za Mgonero zinadutsa motsatizana tebulo lili losayala. Wina anati tiwiritse chidede poti nachonso n'chofiira, koma abusa anakana, amvekere Ambuye sananyamule chikho cha chidede. Nkhalamba zinkadandaula poyera kuti zifa zisanalandirenso chikho.

Nthawi yomweyo atcheyamani a chipani m'dera lathu, amuna a mimba yawo ndi njinga yatsopano, analengeza kuti mvula ikatha aliyense wa kutsidya wopanda khadi ndiponso wopanda omuimira adzatengedwa kupita kuboma. Kuchoka kumeneko palibe ankadziwa ngati ndi ku kampu kapena kumalire. A Zuze analibe mbale woti awaimire. Atate ndiwo analumikiza zinthu ziwirizi. Anati vinyo wa a Zuze akalowa m'chikho cha mpingo pa Pasaka, ndiye kuti mpingo wonse wawaimira, ndipo atcheyamani anavomera kuti munthu wa mpingo wonse sangamugwire. Vinyoyo akakanidwa, a Zuze apita. Aliyense ankadziwa zimenezi, ngakhale ife ana.

Azakhali amene anandiletsa kuwayandikira ndi omwewonso anandituma kukawayang'anira mobisa. Anati mwana sakayikiridwa. Ndizikhala pampanda ngati ndikutola nkhuni, ndione chilichonse chimene akuthira m'mitsuko, ndidzawauze. Ntchito imeneyo ndinaigwira ndi mtima wonse, ndipo ndinganene kuti maso amene ndili nawo lerowa anaphunzira pampanda umenewo. Ndinaona akuthyola mphesa mame atauma, akuthamangitsa apumbwa ndi chitini cha miyala. Ndinaona atakhala pansi akusankha imodziimodzi, yowola apa, yabwino apo, ngati mayi wosankha nyemba. Kenako anasamba mapazi ndi madzi otentha ndi phulusa, n'kulowa m'chibeseni chachikulu n'kuyamba kuponda, atakwinya thalauzi. Potuluka miyendo inali yofiira mpaka m'akatumba, ngati munthu amene wadutsa pamene aphera ng'ombe.

Anali atamanga kanyumba kokumba pansi, kozizira ndi kamdima, kolowa chowerama. M'menemo anaikamo mitsuko yovundikira ndi nsalu yoyera, ndipo m'mawa uliwonse ankakankhira pansi makungu oyandama ndi mthiko wosema okha. Patapita masiku anasefa pansalu n'kuthira m'mabotolo akuluakulu ovala nsungwi zoluka, amene ankawatcha magalafawu. Koma asanathire, anatulutsa kamwala kachikasu m'kathumba, n'kukayatsa, n'kulowetsa utsi wake m'botolo lililonse. Utsiwo unandifika pampanda n'kunditsokomoletsa. Pakamwa pa botolo anamatapo phula, n'kubayapo bango lopindika lolowa m'kapu ya madzi, ndipo madziwo ankatulutsa thovu pang'onopang'ono, bwi, bwi, ngati chinthu chopuma chili mtulo. A Zuze ankagwada n'kuika khutu pabotolo, nthawi zina n'kumagwedeza mutu ngati akuvomera zimene lawauza.

Nditanena za kamwala kachikasu, azakhali anasiya kusinja, munsi uli m'malere. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. Ena anati n'kamankhwala koti aliyense womwa atembenuke akhale Mkatolika. Ena anati mabotolo amapuma chifukwa muli chinthu chamoyo. Koma mawu amene anakhazikika anali a azakhali omwe. Anati ife pa Mgonero timamwera chikho chimodzi, kuyambira abusa mpaka nkhalamba ya kumapeto kwa benchi, ndiye munthu wotumidwa kudzatha mudzi angafunenso njira ina iti? Palibe anafunsa kuti wotuma angakhale ndani, kapena mudzi wathu wa chimanga ndi thonje unalakwira yani. Masiku amenewo zinthu zinkamveka kumalire, ndipo mawu otere sankasowa pogwira.

A Zuze ankadziwa kuti ndilipo. Tsiku lina anandiuza kuti nkhuni za pampanda ziyenera kuti zinatha kalekale, ndilowe ndikhale pachitsa ndizionera pafupi. Anathyola katsango kotsalira ka Izabela, n'kudya zingapo iwo ine ndikuona, kenako n'kundipatsa. Ankakazinga inswa m'phale, ndipo pokazingapo ankalankhula ngati akuuza phalelo osati ine. Anati vinyo ali ndi ndiwo zake zimene amamvana nazo. Wakuda uja amafuna nyama ya mbuzi yootcha pamakala, kapena nkhunda, ndipo mbewa zouma za m'chilimwe ankazitchula akumeza malovu, amvekere ansembe anafa osadziwa chimene anaphonya. Wa mphesa za aphunzitsi, wowawasa uja, amafuna zamafuta ndi zamchere, monga inswa zimenezi, matemba, kapena bowa wotendera. Koma chachikulu, anatero akundiloza ndi chipande, vinyo samwedwa m'mimba muli mbee, amakwera kumutu ngati mbuzi pachulu. Nditakafotokoza zimenezi, azakhali anaomba m'manja. Anati thobwa silisankha ndiwo, madzi sasankha ndiwo, ndiye chakumwa chosankha ndiwo n'chimene mankhwala ake amadikira chakudya kuti agwire bwino.

Kunyumba amayi sankalankhulapo. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo nthawi zina ndiwo zikatsala ankandituma kukasiya kambale pachitsa cha a Zuze, osauza azakhali. Atate ndiwo ankanena molimba kuti a Zuze ndi munthu wa Mulungu ngakhale amapemphera molakwika. Atate ukulu wa mpingo ankaukonda. Jekete yawo yakuda inkakhala pamsomali payokha, yovundikira ndi nsalu, ndipo Lamulungu ankakhala pabenchi ya kutsogolo yoyang'anana ndi anthu. Thobwa likangogona masiku awiri sankaligwira. Lamulo la mpingo linali lakuti Mkhristu wopezeka atamwa chakumwa choledzeretsa kunja kwa Mgonero apatsidwe chilango, akhale pabenchi ya kumbuyo miyezi ingapo osalandira chikho, ndipo akakhala mkulu jekete ija aipachike.

Tsiku loweruza vinyo linali Loweruka lina, Pasaka itayandikira. Udzu unali utatalika mpaka kubisa njira, maungu ali mbwee m'minda, fungo la chimanga chootcha lili paliponse. Abusa anali asanafike, ndiye nkhani inali m'manja mwa akulu a mpingo. Anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, atcheyamani ali pakati pawo ndi anyamata awiri a chipani ataima kumbuyo. Azimayi anakhala pamphasa chapatali, azakhali ali kutsogolo. Amayi anali atalawirira kudimba. Ine ndinathawa phala m'mawa umenewo kuti ndikapeze malo abwino pamizu ya mango. A Zuze anabwera atanyamula botolo la vinyo wakuda ngati khanda, ndi kapu yamalata yoyera.

Kwathu wophika mowa kapena thobwa amayamba ndiye kumwa alendo akuona, kuti adziwe kuti mulibe kanthu. A Zuze mwambo umenewu ankaudziwa. Anathira, n'kuonetsa kapu mbali zonse, n'kumwa mpaka pansi, n'kuitembenuza. Akulu ena anayamba kugwedeza mitu movomera. Apo azakhali anadzuka, anakonza chitenje, n'kunena kuti amuna a kutsidya onse anatemera mphini za nkhondo, ndipo wotemera chiphe chake chomwe sichimugwira. Kumwa kwa mwini wake sikukusonyeza kanthu. Amwe munthu wathu.

Akulu a mpingo aliyense anapeza chochita ndi nsapato zake. Mmodzi anakumbutsa anzake kuti botolo limenelo silinapemphereredwe, ndiye pakali pano ndi mowa ngati mowa wina uliwonse, ndipo Mkhristu wolawa wagwa m'chilango. Maso anatembenukira kwa atcheyamani, amene sanali a mpingo ndipo kachasu wa m'dera lonse ankamudziwa ndi dzina la wotcheza. Iwo anagwira pamimba n'kunena kuti kuyambira dzulo m'kati simuli bwino, adokotala anawaletsa. Anyamata awo anati ali pantchito. Wina anati timwetse nkhuku tione. Mkulu wokalamba kwambiri anakwiya, anati kumwetsa nkhuku ndi mwavi, zimene makolo athu anasiya polowa mpingo, ndipo chinthu chopita m'chikho cha Ambuye sichingayambire pamlomo wa nkhuku. Anakangana mpaka dzuwa linakwera. Pomaliza atcheyamani anaimirira, anasasa thalauzi, n'kunena kuti ngati palibe wolawa ndiye kuti mpingo wakana, ndipo bamboyu ayambe kumanga katundu.

Pamenepo ndi pamene atate anandiitana. "Enelesi, bwera kuno mwanawe." Anafotokozera anzawo kuti ine ndine wobatizidwa, choncho ndine wa mpingo, koma kalasi ya katekisimu sindinalowe, Mgonero sindilandira, ndiye chilango sichindikhudza. Mphini ndilibe, aliyense akudziwa. Akulu anayang'anana, ndipo ndinaona nkhope zawo zikumasuka mmodzimmodzi.

A Zuze anakumbatira botolo lija pachifuwa. "A Banda, ine ndingamwe botolo lonseli pamaso panu, mundimange mundiyang'anire mpaka mawa. Mwana bwanji?"

"Chifukwa ine ndikudziwa kuti mulibe kanthu," anatero atate. "Thirani."

Ine ndinali nditazolowera kuyang'ana manja a anthu, ndiye ndinayang'ana a atate polandira kapu. Vinyo ankagwedezeka m'kapumo mpaka dontho linagwera pansapato. Thukuta linali litatsika kuseri kwa khutu n'kunyowetsa kolala, chonsecho tinali pamthunzi. Zimenezi ndinaziona bwinobwino, koma sindinaziganizire. Mtima wanga unali pa chinthu china. Anandikhazika pampando, mpando weniweni wa mkulu wa mpingo, miyendo ikulendewera, ndipo mudzi wonse unkayang'ana ine.

Fungo linali lija la pampanda, koma tsopano lakhwima. Pakamwa anayamba ndi kutsekemera pang'ono, kenako anandigwira lilime ndi nkhama ngati nthochi yosapsa, kenako anatsika akutentha mpaka pamchombo. Ndinafuna kulavula, koma atate anagwira kapu kunsi n'kuikweza, ndipo ndinamaliza. Akulu anagamula kuti ndisadye kapena kumwa kanthu kufikira mthunzi wa tchalitchi utafika pampanda, kuti pasakhale chobisa chiphe. A Zuze anachonderera. Anati mwanayu akuoneka kuti sanadye, mupatseni ngakhale mtedza wokazinga, ngakhale kachidutswa ka dzungu, apo ayi agona. Azakhali anatembenukira kwa azimayi anzawo n'kunena kuti mwamva nokha, akufuna ndiwo zoti mankhwala agwire. Chakudya chinakanidwa.

Amayi anafika wina atawathamangira kudimba. Anabwera matope ali m'miyendo, khasu akadali nalo m'manja. Anayang'ana kapu, anayang'ana milomo yanga yofiira, anayang'ana atate. Anaika khasu pansi, anadutsa pakati pa amuna, chinthu chimene mkazi sankachita, n'kukhala padothi pafupi ndi mpando wanga atagwira phazi langa ndi manja awiri. Ine panthawiyo zinthu zinali zitayamba kukoma. M'masaya munkatentha. Masamba a mango ankayenda mbali imodzi, nthambi mbali ina. Ndinaona kuti mphuno ya atcheyamani ndi yopindika ndipo ndinawauza. Kenako ndinaimba nyimbo ya Sande sukulu, vesi limodzi lomwelo kubwereza, palibe wondithandiza. Nkhope zonse zinali zitandizungulira, zosaseka, zikuyang'ana pakamwa panga ndi m'maso mwanga. Ndinamva mutu ukulemera, ndipo chomaliza chimene ndikukumbuka ndi manja a amayi akufinya phazi langa.

Zimene zinachitika ndili mtulo anandiuza amayi nditakula. Mutu wanga utangogwera paphewa, mayi wina anayamba kulira maliro, ena n'kulandira. Anyamata a chipani anagwetsa a Zuze pansi n'kuwamanga manja ndi chubu cha njinga, chipewa chikupondedwa m'matope. A Zuze sanalimbane nawo. Ankangobwereza kuti wina aike khutu pamphuno ya mwanayo, akuliza mkonono, munthu wakufa saliza mkonono. Amayi anandinyamula n'kundigoneka pamiyendo pawo, dzanja lili pachifuwa panga, ndipo aliyense wofuna kundigwira ankamuyang'ana mpaka abwerere. Atate anaima moyang'ana khoma la tchalitchi, atafulatira anthu onse. Ena anati ankapemphera. Amayi anati sakudziwa, chifukwa milomo sanaione.

Ndinadzuka mthunzi utapitirira mpanda. M'mutu munkagunda ngati mtondo, kukhosi kuli gwa. Ndinafunsa ngati chimanga chootcha chija chatha. Anthu anaseka kuseka kwa anthu amene anali ndi mantha, kosatha msanga, ena akupukuta misozi ya maliro aja. A Zuze anamasulidwa, wina anawatolera chipewa n'kuchisasa. Mkulu wokalamba uja ananena kuti vinyo walandiridwa. M'mimba mwa atcheyamani munachira nthawi yomweyo, ndipo anapempha kabotolo kamodzi koti akakaonetse kuboma. Sindikhulupirira kuti kanadutsa pamtsinje. A Zuze sanathokoze munthu aliyense. Anapita kukanyumba kawo, n'kubwerako ndi mbale ya mtedza wokazinga, n'kuiika pamiyendo panga manja awo akadali ndi mizere ya chubu.

Madzulo a tsikulo, dzuwa likadalipo, ndinagona pamphasa pakhonde ndipo makolo anga ankaganiza kuti ndagonanso. Atate ananena chapansipansi kuti zatha bwino, munthu wapulumuka, mpingo ulandira Mgonero, ndipo iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti mulibe kanthu. Amayi anapitiriza kusenda dzungu kwa kanthawi.

"Bambo a Enelesi, ngati munkadziwa, kolala yanu yanyowa ndi chiyani?"

Ndinamva mpando ukukokedwa, kenako mapazi a atate akupita kukhola.

Pa Pasaka abusa anabwera pa njinga yamoto, tebulo linayalidwa nsalu yoyera, ndipo ife ana tinaonera pazenera. Chikho chinayenda benchi ndi benchi. Nkhalamba zina zinalira. Azakhali anamwa nawo, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango, ndipo potuluka anauza anzawo kuti wakale uja wa m'sitolo ankakoma kuposa uyu. A Zuze, poti sanali a mpingo wathu, anakhala panja pansi pa chisanja chawo, chipewa chili m'manja, akumvera nyimbo. Mvula itatha galimoto ya kuboma inabweradi n'kutenga anthu m'midzi ina, koma iwo sanawakhudze. Anakhala nafe mpaka imfa yawo, ndipo tinawaika kumanda athu.

Chaka chonse chimenecho ndinkayenda monyada. Anzanga ankanditcha wolawa, ndipo ndinkawafotokozera kukoma kwa vinyo mowonjezera, iwo atatsegula pakamwa. Ndinkadziwa kuti mwa ana onse a m'mudzi atate anasankha ine chifukwa ndinali wolimba mtima, ndiponso kuti ndinapulumutsa a Zuze. Zinanditengera kubala mwana wanga woyamba kuti ndiyambe kuwerenga anthu amene anali pansi pa mango paja. Amuna akuluakulu, azimayi odzaza mphasa, ambiri a iwo akukhulupirira ndithu kuti m'botolo muja mungakhale imfa, ndipo atamva dzina la mwana nkhope zawo zinamasuka. Atate akanatha kumwa okha. Chikanawachitikira n'chiyani? Miyezi ingapo pabenchi ya kumbuyo, jekete ili pamsomali. Ngati ankadziwa kuti mulibe kanthu, anandipereka kuti asunge benchi. Ngati sankadziwa, sindifuna kumaliza mawuwo. Sindinawafunsepo. Anali munthu wabwino, anapulumutsa mlendo amene wina aliyense akanamusiya, ndipo atakalamba ndinawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi manja angawa, ndikuwakonda. Koma kuyambira pamene ndinamvetsa, munthu akandiuza kuti usaope, ine ndikudziwa kuti palibe kanthu, ndimasiya kumvera pakamwa pake n'kuyamba kuyang'ana m'khosi mwa malaya.

Tsopano ndimakhala ndekha kuno ku Zingalume kumene ndinakwatiwa. Bambo a ana anga anatsogola, ana ali m'matauni, ndipo adzukulu amabwera patchuthi n'kumandiseka kuti ambuye amanunkhiza ngakhale buledi wa m'pepala. Amati ndisamukire kwa iwo, akandisamala, palibe chodetsa nkhawa. Ndawamva. Miyendo ndiyo yayamba kundikana, ndipo aneba anga sindiwauza zimenezi, chifukwa sindinaone bwino chimene amafunira kudziwa. Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamadutsa njira ya kuno mudzapatuke mudzandione. Nyumba ndi ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa chigayo. Mudzaime pabwalo pamene ndingakuoneni pazenera, mutchule dzina lanu ndi la amayi anu. Ndikakuyankhani mwaukali n'kukufunsani chimene mwadzera, ndiye kuti ndili bwino, mukhoza kupitiriza ulendo. Mukadzaitana dzuwa lili pamutu, chitseko chili chotseka, ine osayankha, musadzapite kukafunsa akuluakulu kuti tichite bwanji. Mudzathyole.